Chaka Chimene Baba Anaiwala Chishona

Ndinabadwira ku Zengeza 4, ku Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, m'nyumba ya zipinda zinayi imene baba anapatsidwa akugwira ntchito pafakitale yoluka nsalu. Baba anali a ku Dedza. Kuno anabwera ali mnyamata, wapansi, kudzera ku Tete pamodzi ndi anzawo a m'mudzi. Anayambira pafamu ya fodya, kenako anadzalowa m'tauni n'kukwatira amayi, Mshona wa kumidzi ya ku Seke. Kwawo sanabwererenso. Munthu wotere kwawoko amati anatchona.

M'nyumba mwathu munkamveka Chishona. Baba nawonso ankachiyankhula, ngakhale lilime linkawakanika pa mawu ena moti amayi anawaseka mpaka ukalamba. Chichewa chinali cha Lamlungu masana, anzawo a ku Malawi ndi a ku Mozambiki akabwera kudzasewera bawo patsinde pa mtengo wa mapeyala. Ine ndi mlongo wanga wamng'ono Lovemore tinkamva zambiri, koma poyankha tinkayankha m'Chishona. Kusukulu ana ankatinena kuti mabhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera ku Malawi, ndiye wofuna mtendere sankaonetsera kumene bambo ake anachokera. Baba sankadandaula. Iwo afunse m'Chichewa, ife tiyankhe m'Chishona, nkhani inkatha bwinobwino.

Ndinachoka m'zaka zija zinthu zitathina, m'masitolo muli mashelefu okhaokha, ndalama ukaigwira m'mawa pofika madzulo yasanduka pepala. Bambo ake a mwana wanga Rumbi anali atamwalira, ine nditabwerera pakhomo pa makolo. Ndinkagulitsa tomato pamsika wa Makoni, koma ogulitsa tinachuluka kuposa ogula. Mumsewu mwathu nyumba iliyonse inali itapereka munthu: uyu wapita ku Joni, uyu ku Botswana, wina akusambitsa nkhalamba ku Mangalande. Tsiku lina mayi wa kutchalitchi kwathu anandiuza kuti kumafamu a malalanje, ukangowoloka Limpopo, akufuna manja.

Rumbi anali asanayambe sukulu. Tsiku lonyamuka amayi anamutengera kwa aneba kuti asandione ndikutuluka. Baba ndiwo anandiperekeza pokwerera makombi, maminibasi a kuno. Anayenda patsogolo, chikwama changa chili paphewa, osatembenuka. Hwindi, munthu woitanira anthu pakombi, atachilandira, baba anaima pawindo n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ndinkayesa anena mawu aakulu.

"Nsapato uzigona nazo m'nyumba," anatero. "Pakomboni zimayenda zokha."

Ndinaseka misozi ili m'maso, kombi n'kunyamuka.

Famuyo inali yaikulu moti mizere ya mitengo inkathera kumene maso athera. Tinkathyola m'nyengo yozizira. M'mawa zala zinkauma ngati nkhuni, pofika masana dzuwa linkaboola chipewa. Unkakoleka thumba pakhosi, kukwera makwerero, kudula lalanje limodzilimodzi ndi kalumo, kutsika, kukakhuthula m'bokosi la pathirakitala, kubwereranso. Mtengo wa malalanje uli ndi minga imene ogula saidziwa. Mikono yanga mpaka lero ili ndi timizere toyera.

Pakomboni anthu ankagona motsata chiyankhulo: mzere wa Avenda, mzere wa Ashangani, mizere ingapo ya ife a ku Zimbabwe. Palibe anachita kulamula, zinangochitika zokha. Ine ndinapanikizana ndi azimayi a ku Masvingo m'kachipinda ka malata, ndipo ndinali Mshona ngati wina aliyense mpaka tsiku limene makwerero anaterereka.

Ndinagwa chagada, thumba lodzaza n'kundigwera pamimba. Sindinaganize. Pakamwa panangotuluka kuti, "Mayo ine!" mmene baba ankafuulira akadzimenya ndi hamala. Mshona akanati maiwe. Mayi wina wamfupi, wojintcha, amene ankathyola mzere woyandikana nane osayankhula ndi munthu, anatsika pamakwerero ake n'kubwera chothamanga. Sanayambe n'kufunsa ngati ndavulala.

"Mwati chiyani?" anatero m'Chichewa.

"Ndagwa."

"Ayi, mwati mayo. Kwanu n'kuti inu?"

"Chitungwiza."

"Nanga bambo anu?"

"A ku Dedza."

Anakhala pansi pomwepo, m'fumbi, n'kuyamba kulira. Wogwa ndinali ine, koma ndine ndinachita kutonthoza mnzanga.

Anali a Nabanda, nawonso a ku Dedza. Anabwera kudzafunafuna amuna awo amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni. Amunawo sanawapeze, yokwerera basi inatha, anathera pafamupo. Ana atatu anawasiyira amayi awo. Nthawi yonseyo pafamu panalibe wina wa chiyankhulo chawo, ndipo anandiuza kuti ankayankhula ndi mitengo kuopa kuti pakamwa pangachite dzimbiri. Sabata lomwelo ndinasamutsira bulangeti langa kuchipinda chawo.

Chichewa changa chinkawaseketsa mpaka kugwira nthiti. Chinali cha zigamba: pena Chishona, pena mawu akalekale a baba amene iwo ankati anawamva komaliza kwa agogo awo. M'Chishona madzi timati mvura. Tsiku lina tikuweruka, kukhosi kutauma, ndinati, "Achemwali, ndipatseniko mvula."

"Ine ndine Chauta?" anatero. "Dikirani Disembala."

Anandifunsa mfunda wa baba. Nditati Phiri, anayamba kundiitana kuti Naphiri. Dzina limenelo palibe anandiitanapo chibadwire, moti masiku oyamba sindinkatembenuka.

Ndiwo tinkagula pamodzi, moto unali umodzi. Apolisi akabwera kudzafuna opanda mapepala, ine, pokhala ndi mapepala, ndinkatsala pakomboni kuwayankha, a Nabanda atabisala m'kati mwa mitengo mpaka galimoto itapita. Chaka chimene ndinadwala malungo, iwo ankathyola mzere wawo n'kulowanso wanga kuti kapitawo asandichotse. Masana ankathamangira kukomboni kudzandimwetsa phala, manja akununkhira makoko a malalanje. Ndikamabwebweta ndi kutentha thupi ankandiimbira nyimbo za kutchalitchi kwawo, ndipo zina ndinazizindikira: baba ankaziimba chapansipansi akamapukuta nsapato. Pamene ndinkadzuka pamphasa, Chichewa chinali chitakhazikika pakamwa. Sindinkachitanso kuchifunafuna.

Mwezi ukatha tinkapita kutauni ya pamalire kukagula mafuta ophikira, sopo, shuga ndi mpunga, n'kupatsira amalaicha, madalaivala amene amatengera anthu katundu kwawo. Kwa a Nabanda kunali kutali, ndiye iwo ankangotumiza pafoni, koma ankandithandiza kusoka matumba anga mwachidwi ngati akupita kwa ana awo. M'thumba lililonse ankaponyamo kanthu ka Rumbi, mwana amene anali asanamuonepo: maliboni, masokosi, ulendo wina kagalasi.

Kunyumba ndinkabwera pa Khirisimasi, koma osati chaka chilichonse. Ulendo uliwonse Rumbi ndinkamupeza ali wina. Poyamba anandibisalira kumbuyo kwa amayi. Iwo ndi amene ankawaitana kuti mhamha, kunena kuti amayi, ine ankangondiyang'ana m'manja. Ulendo wina ndinamugulira diresi limene linamukana m'mapewa, chifukwa m'mutu mwanga anali akadali wamng'ono. Ndi baba ndinayesapo kamodzi kuyankhula Chichewa, koma manyazi anandigwira, iwonso anandiyankha m'Chishona monga mmene munthu amathandizira mlendo. Tinasekana n'kuzisiya.

Amayi anamwalira pakati pa nyengo yothyola. Ndinafika maliro ataika kale. Ndinakhala masiku ochepa n'kubwerera, pakuti mitengo sidikira wamasiye. Baba ndinawasiya atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Anzawo a bawo anali atatha mmodzimmodzi, bawolo lili kuseri kwa chitseko, akangaude atamangamo.

Patapita chaka ndi kanthu, Lovemore anaimba.

"Sisi, baba havachatauri chiShona," anatero, kunena kuti baba sakuyankhulanso Chishona.

Ndinkayesa nthabwala. Iye anafotokoza kuti zinayamba ndi kuiwala mayina, kenako njira ya kutchalitchi, tsopano chiyankhulo chimene anakalamba nacho chinangoyoyoka. Chinatsala n'Chichewa chokha, ndipo cha Lovemore chinali chitatha kalekale. Adokotala anati ndi matenda a ukalamba, mankhwala obwezera nzeru palibe.

Ndinawafotokozera a Nabanda akutsuka mbale. Sanadzutse mutu.

"Pitani, Naphiri."

"Ndikangowaona ndibwera."

"Pitani kaye."

Nditatsika kombi ndinatsala pang'ono kusochera kwathu komwe. Dambo limene amayi ankalimako chimanga ndi mbatata linali nyumba zokhazokha, zina zosamaliza koma muli anthu. Pabwalo pamene tinkasewera panali tchalitchi cha tenti, pambali pake mzere wa zigubu pamjigo, popeza m'mipopi madzi ankabwera mwa apo ndi apo. Ochoka tinali ambiri, koma obadwa ndi obwera kuchokera kumidzi anatiposa. Kuseri kwa nyumba yathu Lovemore anali atamanga tizipinda ta lendi, ndipo mtengo wa mapeyala unadulidwa kuti malo apezeke. Pageti panali loko, masanasana.

Lokoyo anali wa baba. Mkazi wa Lovemore, Mai Tino, anandiuza kuti m'mawa uliwonse baba ankavala jekete ndi chipewa n'kuuyamba wa ku Makoni kukafunsa basi ya ku Dedza. Mahwindi anali atawazolowera, ankawakhazika pabenchi mpaka wina wa kwathu akawatenge. Koma tsiku lina anakwera kombi n'kukapezeka ku Seke, kumalokeshoni akutali, nsapato imodzi palibe.

"Ndikawayankhula amandikalipira," anatero Mai Tino m'Chishona, maso atafiira. "Chimene ndalakwa sindichidziwa."

Ndinawapeza kuseri atakhala panjerwa, ataonda, jekete likulendewera m'mapewa. Ndinagwada n'kuomba m'manja monga ndinaphunzitsidwira. "Makadii, baba? Ndadzoka." Ndinkawapatsa moni n'kuwauza kuti ndabwera. Anandiyang'ana ngati wogulitsa malonda pakhomo, n'kutembenukira kukhoma akung'ung'udza.

"Ndikufunsa ngati chimanga apalira, palibe akundiyankha. Anthu a pano ndi amwano."

 

"Apalira, baba," ndinatero m'Chichewa. "Chatsala n'kubandira."

Anatembenuka pang'onopang'ono. Anandiyang'ana pakamwa, kenako m'maso.

"Eneresi? Ndiwe?"

Eneresi anali mlongo wawo wamng'ono amene anamusiya ku Dedza asanathe msinkhu. Dzinalo ndinali nditalimvapo ndili mwana. Ndinafuna kunena kuti ayi, ndine mwana wanu, koma anali atandigwira kale manja onse awiri, akuseka, mano otsalawo ali pamtunda.

"Wakulatu! Amayi ali bwanji? Ng'ombe ija inabereka?"

Ndinati amayi ali bwino, ng'ombe inabereka yaikazi. Tsiku limenelo anamaliza chakudya chonse m'mbale, Mai Tino ataima pakhomo, atagwira pakamwa.

Kuyambira pamenepo ndinakhala Eneresi. M'mawa ndinkawasimbira za mudzi umene sindinauonepo, ndikutolatola zimene a Nabanda ankandiuza: nkhungu ya m'mapiri, minda ya kachewere, chisanu cholowa m'mafupa. Ndikalakwitsa ankandikonza. Zinkapweteka kuti munthu amene anandilera sakundidziwa, komabe ndinamva zinthu zimene mwana wawo sakanauzidwa: mmene anaopera powoloka Zambezi, mnzawo amene anamuika m'njira, chaka chimene anagona ndi njala pafamu ya fodya koma n'kuchita manyazi kubwerera chimanjamanja.

Rumbi tsopano anali ku sekondale. Anakulira pamwendo pa agogo akewo, ndipo kusadziwidwa kunkamuliza. Anayamba kukhala chapafupi tikamacheza, akunamizira kusankha mpunga. M'mawa wina ndinamumva akuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?" mawu akugwa limodzilimodzi ngati miyala. Baba anavula chipewa n'kumuyankha mwaulemu wonse ngati mlendo wolemekezeka. Rumbi anathawira m'nyumba, kuseka ndi kulira zitasakanikirana.

Nyengo yothyola itayandikira a Nabanda anaimba. Kapitawo anati ndikapanda kufika malo anga apatsa wina. Pageti la famu pankagona anthu odikira ntchito. Lovemore anandikhazika pansi. Iye ankayendetsa lole ya mchenga, ntchito yoti lero ilipo mawa palibe.

"Sisi, sukulu ya Rumbi ndi mankhwala a baba zimachokera kumalalanje," anatero. "Pitani. Geti tizikhoma ngati kale."

Sankanena mwankhanza, ankanena zoona. Ndinalongedza. M'mawa mwake baba anaona chikwama pakhonde, anapita kukavala jekete ndi chipewa, n'kudzakhala pambali pake, manja ali pamawondo.

"Tikupita limodzi, eti?" anatero. "Usandisiyenso ndi anthu osamvawa."

Ndinabweza chikwama m'nyumba.

Ndinaika tebulo pageti n'kuyamba kugulitsa tomato, masamba ndi mazira, baba ali pampando pambali panga. Loko tinamuchotsa. Zinthu zinathina ndithu. Nyama tinaiiwala, ndipo Rumbi anakhala pakhomo teremu yathunthu mpaka Lovemore atagulitsa wailesi ya kanema. Masiku ena ndinkamva fungo la lalanje pamsika n'kudzifunsa ngati sindinalakwire mwana wanga.

Patebulopo baba ankapatsa moni aliyense wodutsa m'Chichewa. Ambiri ankangomwetulira. Koma tsiku lina mayi wogulitsa matsache, amene ndinkamudziwa kuyambira kusukulu, anaima n'kuyankha kuti, "Ndili bwino, agogo, kaya inu?" Atandiona ndikudabwa anaseka. "Amayi anga anali a ku Chipata," anatero. Kenako wokonza nsapato wa pakona, bambo ake a ku Angonia. Kenako mmodzi wa anthu athu a lendi. Wina ankangodziwa moni, wina kanyimbo, wina mawu otukwanira basi. Tinakula tikugula m'sitolo imodzi, tikupanikizana m'kombi imodzi, osadziwana. Anatitulutsa ndi nkhalamba yoiwala.

Kukolola kutatha, a Nabanda anaimba kuti akupita kwawo. Mwana wawo woyamba, amene anamusiya ali ku pulayimale, ankakwatiwa. Basi ya ku Malawi imadutsa pa Harare, ndiye anati atsika adzationeko. Anafika ndi zikwama zazikulu zamizeremizere ndi thumba la malalanje. Anamukumbatira Rumbi ngati mwana wobala okha, anamutembenuza uku ndi uku kumuyang'ana. Kenako anakagwada chapatali ndi mpando wa baba.

"Muli bwanji, a Phiri?"

Baba anawongoka. Panali patapita zaka munthu asanawaitane choncho.

"Ndili bwino, kaya inu mayi? Kwanu n'kuti?"

"Ku Dedza, ababa. Tsidya la Linthipe."

Anacheza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Baba ankatchula midzi, a Nabanda ina ankavomera, ina ankati sanaimvepo. Baba anafunsa za nkhalango imene ankasakako ali anyamata.

"Inatha, ababa. Ndi minda."

"Nanga dambo la kumunsi, kumene tinkadyetsa ng'ombe?"

"Nyumba. Pali sukulu, chigayo, msika. Anthu anaswana, ababa. Munda umene agogo anga ankalima okha, lero tinagawana zidzukulu tonse, aliyense mizere yowerengeka."

"Nanga anyamata akakula amalima pati?"

"Amapita kumene munapita inu."

Baba anayamba kusenda lalanje ndi chala chachikulu.

"Ife tinkati tikangogula njinga ndi bulangeti tibwerera," anatero. "Tinapangana kuti woyamba kubwerera akanene kwa makolo kuti tinafika. Palibe anayamba."

Tsiku loti a Nabanda apitirize ulendo, baba anavala jekete asanauzidwe. Lovemore anati tisawatenge, akakaona basi sitikawatha. Ine ndinati akatsala alira tsiku lonse. Tinakwera kombi ya m'tauni, baba ali pawindo, akuyang'ana nyumba zimene zinadzaza m'mbali mwa msewu wa Seke kumene kale kunali tchire.

Pokwerera mabasi akunja panali phokoso la Chichewa chokhachokha. Basi inali itachokera ku Joni, yodzaza anyamata ndi atsikana, azimayi a makanda kumbuyo, ngolo yake itasenza mafiriji ndi njinga. Kondakitala ankafuula kuti, "Dedza, Lilongwe!" Baba anandisiya dzanja. Anayenda okha mpaka pakhomo la basi, anagwira chitsulo, phazi limodzi n'kuliika pasitepe. Ine ndinali kumbuyo kwawo nditagwira kansonga ka jekete, osadziwa ngati ndikoke. A Nabanda anali atakhala kale pampando wakutsogolo. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu kuti ndisakoke.

Baba anasuzumira m'katimo nthawi yaitali.  Wina anati, "Kwerani, agogo, malo tikupatsani."

Anatsitsa phazi lija. Anavula chipewa n'kuyang'ana a Nabanda.

"Mayi, mukafika mukawauze amayi kuti ndinafika bwino. Ntchito ndinaipeza. Ndinakwatira, ndili ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Nyumba ndi ya njerwa. Asamadandaule."

"Ndikanena, ababa," anatero a Nabanda, akupukuta m'maso ndi chitenje.

Basi itanyamuka baba anakweza chipewa m'mwamba mpaka inakhota. Kenako anatembenuka n'kundigwira pamkono.

"Tiye kunyumba, mwanawe. Amako atidikira."

Sanati Eneresi. M'kombi yobwerera ndinalira mwakachetechete mpaka ku Zengeza, iwo akundisisita pabondo ngati mwana wogwa pamasewera.

Sindinganame kuti anachira. M'mawa mwake ndinali Eneresi ngati kale. Masiku ena ankavalabe jekete, koma ndikati, "Uthenga unapita, baba," ankavula chipewa n'kukhala pansi. Kumalalanje sindinabwererenso. Tebulo la pageti linakula pang'onopang'ono n'kukhala kashopu, Rumbi anamaliza sukulu yake. Baba anamwalira nyengo yozizira yotsatira, ndipo tinawaika konkuno, pafupi ndi amayi.

Koma asanatisiye, atagona kale pabedi, kudya kukukanika, masana ena foni inalira. Anali a Nabanda. Ukwati utatha anayenda mudzi ndi mudzi tsidya lina la Linthipe, akufunsa za mnyamata wa kwa a Phiri amene anapita ku Halale, monga amatchulira dziko lino kwawoko. Eneresi anamupeza atamwalira kalekale. Anapeza mwana wake wamkazi, nayenso mayi wa imvi, ndipo anali naye pomwepo.

"Uthenga ndapereka wonse, Naphiri," anatero a Nabanda. "Koma akuti akufuna amve yekha."

Ndinakweza mawu a foni n'kuiika pamtsamiro. Mayiyo anayankhula mwamantha, ngati munthu wosazolowera foni. Anati agogo ake anakalamba akuimitsa aliyense wochokera ku Halale kufunsa za mwana wawo, ndipo anamwalira akufunsabe.

"Malume," anatero, "ndiye munafika?"

Baba anatsegula maso. Ananyambita milomo, Rumbi n'kuwamwetsa timadzi ndi supuni.

"Ndinafika, mayi," anatero. "Ndinafika kalekale."